Banjo ya ku Dedza Imene Tinachedwa Kuimva

Inu amene mwazungulira mbaula pa Dedza boma, inu a ku Bembeke amene mwangoweruka kudimba manja ali gwa ndi chisanu, a ku Lobi, a ku Mayani, a ku Linthipe, ndi inu a pa Chimbiya amene mukulongedza malonda kuti muzikalowa m'nyumba, sendezani wailesi pafupi. Lero ndikufuna ticheze za mwana wa konkuno, woyimba ndiponso wopeka nyimbo, a Lazarus Chigwandali.

Ndikudziwa kuti ena mwayang'anizana kale n'kufunsana kuti, a Chigwandali ake ati? Funso limenelo ndi limene landikhazika pampando uno. Munthu anabadwira m'boma lathu lino, nyimbo zawo zinakamveka ku New York, kanema wa moyo wawo anaonetsedwa pamaso pa akatswiri a mafilimu ochokera m'mayiko ambiri, koma kwawo kuno dzina lawo tikulifunsa ngati la mlendo wodutsa. Ndiye tiyeni tiyambire kumayambiriro.

A Chigwandali anabadwira kumudzi m'boma la Dedza, ndipo anabadwa ndi khungu la chialubino. Mng'ono wawo nayenso anabadwa chimodzimodzi. Inu amene munakulira kumudzi zaka za m'mbuyomo mukudziwa kuti ubwana wa mwana wotere unkakhala wotani, ndipo ine sindikufuna kulankhula ngati ndinali kutali nazo.

Pasukulu ya pulayimale imene ndinaphunzira panali mtsikana mmodzi wachialubino. Poti anali wamtali, ankamukhazika kumbuyo, ndipo zolembedwa pabolodi sankaziona. Ankagwira kope pafupi ndi mphuno, maso atawatsinzina pang'ono, n'kumasuzumira kwa mnzake woyandikana naye kuti akopere. Akagwidwa ankalandira chikwapu, ati ndi waulesi, ati amaonera. Panalibe ndi mmodzi yemwe anatiuza kuti chialubino chimabwera ndi vuto la maso. Belu la buleki likalira tinkamutsatira ndi mayina aja, napweri, mzungudala. Ndawatchula kamodzi kokha kuti tonse tidziwe chimene tikunena, ndipo simundimvanso ndikuwatchula. Ine ndinali m'gulu la okuwizawo. Mtsikanayo anasiya sukulu tili Sitandade 4. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira mmene ankaimira yekhayekha pamthunzi wa khoma la kalasi, mtima umandiwawa mpaka lero.

Si kuti anafe tinazipeka tokha zimenezo. Tinkaziona kwa akuluakulu. Mayi woyembekezera akakumana ndi munthu wachialubino panjira ankalavulira malovu pachifuwa, ati kuti asabereke mwana wotero. Tinkauzidwa kuti anthu amenewa samwalira, amangosowa. Zonsezo ndi bodza, ndipo bodza lachiwirilo ndi loopsa kwambiri, chifukwa mudzi umene umakhulupirira kuti munthu amangosowa sudzuka kukamufunafuna tsiku limene wasowadi. Zoona zake n'zakuti chialubino chimayenda m'magazi a makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akhoza kukhala akuda bii, koma ngati onse awiri anatengera kambewu kameneka kwa makolo awo, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwanayo abadwe wachialubino. Thupi lake silipanga mokwanira chinthu chotchedwa melanin, chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, n'kumatitchinjiriza ku dzuwa. Nkhani yake ndi imeneyo basi. Palibe tsoka, palibe chilango, palibe chizimba.

M'dziko lotero ndi mmene a Lazarus ndi mng'ono wawo anakulira, ndipo awiriwa anayamba kuyimba limodzi, ndi zoyimbira zopanga okha.

Apa ndiime kaye pang'ono, chifukwa mawu oti zoyimbira zopanga okha timawanena mothamanga ngati kuti ndi zidole za ana. Munayamba mwakhalapo pansi n'kuonerera mnyamata akupanga banjo? Ine ndinaonerera tsiku lina kuseri kwa msika, kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Anatenga chigubu chachitsulo cha mafuta ophikira, n'kuchitsuka ndi mchenga, n'kuchiboola mbali ziwiri ndi msomali ndi mwala. Thabwa la paini lotsala kwa ocheka matabwa analipala ndi mpeni, kenako ndi phale la botolo, mpaka dzanja linkangotsetsereka. Analilowetsa m'chigubu muja kuti litulukire mbali inayo. Mawaya anawatenga m'kebulo ya buleki ya njinga, kuimasula kawaya kamodzikamodzi osakapinda, chifukwa kakapindika kamaduka msanga. Zikhomo zochunira anasema yekha. Pofika poika timawaya topingasa pathabwa, pamene chala chimadinda, panalibe rula kapena tepi. Ankaika kawaya, n'kukhwatcha, n'kutchera khutu, n'kukasuntha pang'ono, n'kukhwatchanso, mpaka nkhope yake itamasuka. Muyeso wonse unali m'khutu mwake. Ng'oma yake ya chikopa cha mbuzi, poti kuno kumazizira, inali italefuka, ndipo anayamba waiwamba kaye pamoto wa mapesi asanaiyese. Munthu amene wadutsa m'sukulu imeneyi amadziwa kumene phokoso lililonse likuchokera, chifukwa analiika yekha ndi manja ake. Sukulu imeneyi ndi imene inatulutsa oyimba ambiri amene timawanyadira lero, ndipo a Chigwandali ndi mmodzi wa iwo.

Mng'ono wawo uja anamwalira ndi khansa ya pakhungu.

Ndikufuna mawu amenewo akhazikike, makamaka kwa ife a kumapiri kuno. Timaganiza kuti dzuwa loopsa lili ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kapena kumunsi kwa Golomoti ndi Mtakataka kumene thukuta limatsika ngati madzi. Kuno timati kuli chisanu, dzuwa ndi mnzathu, timaliwothera. Koma tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri lathu ili pafupifupi mamita 2,200. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ukakwera mamita 1,000 alionse, mphamvu ya kuwala kwa dzuwa kumene kumawotcha khungu imawonjezekera ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse. Kamphepo kozizira ka mu Juni kamakunamiza kuti sukupsa, pamene khungu likupsa. Mwana wachialubino amene tamutuma kukapalira mbatata ya kachewere tsiku lonse, wopanda chipewa chotambalala, wopanda malaya a manja aatali, wopanda mafuta odziteteza ku dzuwa, timayamba kumuona timadontho takuda pankhope, kenako tizilonda tokakamira pamilomo, pakhosi, kuseri kwa makutu. Chilonda chimodzi chimakana kupola. Pofika kuchipatala chachikulu nthawi imakhala itatha. Zigawenga zimene timazimva pawailesi zapha abale athu achialubino ambiri, koma khansa ya pakhungu yapha ochuluka koposa, mwakachetechete, popanda mutu wa nkhani m'nyuzipepala.

Tsono taganizani. Munthu waika m'manda mng'ono wake amene dzuwa linamudya. Wanyamula banjo yake, watsata msewu wa M1, makilomita oposa 80 kupita ku Lilongwe. Ntchito imene akuidziwa ndi imodzi, kuyimba, ndipo malo okhawo amene angaigwirire ndi m'mbali mwa msewu, padzuwa lomwelo. Kwa zaka zambiri ofesi ya a Chigwandali inali imeneyo: misewu ya mu Lilongwe, pafupi ndi masitolo, pamene anthu amadutsa ndi tindalama totsala pogula zinthu. Mmene banja lawo linkadyera ndi mmenemo.

Ndipo zaka zina mwa zimenezo zinali zaka za mantha. Kuyambira kumapeto kwa 2014 dziko lino linalowa mumdima umene sitidzauiwala. Mu Juni 2016 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti lonena kuti kuyambira mu Novembala 2014 anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi muno, ndipo ena asanu anali atasowa. Manda ankafukulidwa usiku. Miyezi iwiri lipotilo lisanatuluke, mu Epulo 2016, kunabwera mayi Ikponwosa Ero a ku Nigeria, amene United Nations inawasankha kuti aziona za ufulu wa anthu achialubino, ndipo iwonso ndi achialubino. Atayendera dziko lino anachenjeza kuti zinthu zikapitirira chomwecho anthu amenewa adzatheratu. M'misika anyamata ena opanda chisoni ankati akaona munthu wachialubino akudutsa n'kumakuwa kuti ndalama izo zikuyenda. Makolo ambiri anasiyitsa ana sukulu n'kumawatsekera m'nyumba. Nthawi imene aliyense wachialubino ankafuna pobisala, a Chigwandali ankadzuka mmawa kukakhala poyera, pamene aliyense akuwaona, n'kukweza mawu kuti ngakhale amene sanawaone awamve. Anthu ena amati kumeneko n'kulimba mtima. Inde n'kulimba mtima, komanso tisaiwale kuti inali njala. Bambo wa ana sangasankhe kubisala pamene ufa watha m'thumba.

M'Baibulo muli a Lazaro awiri. Wina ndi wa ku Betaniya amene anaukitsidwa kwa akufa. Wina ndi wa m'fanizo la pa Luka 16, wosauka wa zilonda amene ankagona pachipata cha munthu wolemera. Ambiri mwa ife amene tinkadutsa oyimba a mumsewu ngati a Chigwandali tinkaona Lazaro wachiwiriyu. Tikaponya kandalama tinkati tathandiza wovutika, tapanga zachifundo, Mulungu waona. Sitinkaganiza n'komwe kuti talipira woyimba chifukwa cha ntchito yake. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kwakukulu, anzanga. Wopempha umamuponyera uku ukuyenda. Woyimba umaima kaye, n'kumvetsera. Ife sitinkaima.

Anaima ndi wina. Munthu wina anawajambula pafoni akuyimba mumsewu, ndipo kakanema kameneko kanayenda mpaka kanakafika m'manja mwa a Johan Hugo, katswiri wojambula nyimbo wochokera ku Sweden. A Hugo sanali mlendo ku nyimbo za kuno. Iwo ndi amene anapanga gulu la The Very Best pamodzi ndi a Esau Mwamwaya, Mmalawi amene anakumana naye ku London, ndipo chimbale chawo cha Warm Heart of Africa chinatuluka mu 2009. Khutu lawo linali lozolowera kale, ndiye atamva banjo ija anadziwa kuti apa pali chinthu. Anabwera ku Malawi pamodzi ndi a David Darg, wojambula mafilimu, ndipo chimene ndimawayamikira n'chakuti sanawatengere a Chigwandali m'chipinda chotsekedwa cha situdiyo kumene munthu wozolowera phokoso la mumsewu amauma pakamwa. Anatchera zipangizo zawo panja, kufupi ndi kunyumba kwa woyimbayo ku Lilongwe, kuti ayimbe mmene amayimbira masiku onse.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Mu 2018 a Chigwandali anakwera pa nsanja ya chikondwerero cha Lake of Stars. Mu Epulo 2019 kanema wotchedwa Lazarus anaonetsedwa pa Tribeca Film Festival ku New York, ndipo mmodzi mwa akuluakulu amene anaikapo dzina ndi dzanja lawo anali Madonna. Chaka chomwecho chimbale cha a Chigwandali chinatuluka, dzina lake Stomp on the Devil, kutanthauza kumupondaponda Satana.

Koma mverani izi. Mu Febuluwale 2019, kutangotsala miyezi iwiri kuti kanema uja aonetsedwe ku New York, zigawenga zinathyola nyumba usiku m'boma lathu lomwe lino la Dedza n'kuba mnyamata wachialubino wa zaka 14. Boma limodzi, chaka chimodzi. Mwana wina wa Dedza akuomberedwa m'manja kutsidya kwa nyanja, mwana wina wa Dedza akukokedwa pamphasa pakati pa usiku, abale ake akulira. Amene anachita zimenezo sanagwe kumwamba. Kuti chigawenga chidziwe nyumba imene mwana wotere amagona, chitseko chake n'chotani, agalu alipo kapena ayi, pamakhala wina wapafupi amene waloza. Milandu ingapo imene yafika kukhoti m'dziko muno yaonetsa kuti nthawi zambiri m'chiwembu mumakhala wachibale kapena woyandikana naye nyumba. Nkhani imeneyi tisamaikambe ngati ya anthu akutali.

Tsopano ndibwere pa chimene chandivuta kwambiri pokonzekera kucheza kwa leroku. Nkhani zambiri zimene zinalembedwa za a Chigwandali zimayamba ndi khungu lawo n'kuthera pa khungu lawo. Inenso mwandimva, ndatha mphindi zingapo ndili pomwepo. Sizingalephereke, chifukwa iwo eni anasankha kugwiritsa ntchito dzina lawo polankhulira anzawo achialubino, ndipo anachita bwino. Koma tikathera pamenepo ndiye kuti tawalakwiranso kachiwiri. Poyamba tinakana kuwamvetsera chifukwa cha khungu. Tsopano tikhoza kumawaombera m'manja chifukwa cha khungu lomwelo, nyimbo osazimvabe. Chisoni nachonso chimatseka makutu.

Ndiye tamverani nyimbozo. Chinthu choyamba chimene chimakugwira ndi liwiro. Dzanja lamanja silipuma, limakhwatcha mawaya ngati mayi amene akupeta mwachangu mvula ili pafupi, ndipo banjo imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuyimba ndi kuomba ng'oma. Chachiwiri ndi mawu. Ndi mawu a munthu amene anaphunzira kuyimba mopikisana ndi mahutala a minibasi ndi kukuwa kwa oitanira, mawu otuluka pachifuwa, osanyengerera, ofika kutsidya kwa msewu popanda chimkuzamawu. Chachitatu ndi kapekedwe. Nyimbo zawo zambiri ndi zauzimu, zomangidwa ngati makolasi a kutchalitchi cha kumudzi: mzere waufupi, wobwerezedwa, woti ukaumva kawiri kachitatu wayamba kale kuvomera. Ena amaona ngati kupeka kotere n'kophweka. Ayesere. Woyimba wa mumsewu ali ndi nthawi yochepa kwambiri, imene munthu amatenga kuchoka pakhomo la sitolo kukafika pamene waimika njinga, kuti amugwire mtima. Mawu alionse osafunika msewu umawadula wokha. Nyimbo imene yapirira zaka zambiri pamalo otero imakhala yapetedwa, madeya onse atachoka.

Ndipo chimene chimandidabwitsa n'chakuti si nyimbo zodandaula. Munthu amene wadutsa m'zimene tafotokozazi tikanamumvetsa akanakhala kuti amangoyimba za maliro. Koma nyimbo zawo ndi zovinitsa, zokweza fumbi. Satana amene akumunenayo sakumuthawa kapena kumudandaulira, akumuponda ndi mapazi, mmene timapondera pabwalo gule akafika pakolasi. Ife a ku Dedza, kumene ng'oma za Gule Wamkulu zimalira ngakhale pamaliro, sitiyenera kuchita kufotokozeredwa kuti chisoni ndi kuvina zimatha kukhala pabwalo limodzi.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndi woona, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikunyoza alendo amene anawathandiza a Chigwandali. Anachita zimene ife tinalephera. Koma mbiri ya nyimbo zathu ikundidetsa nkhawa, chifukwa kalumo kameneka takhala tikukadikira kwa alendo nthawi yaitali. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka ankayimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo mu 1967, ndipo kuchokera pamenepo ndi pamene dziko lakunja linawadziwa. Anyamata ogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu anasanduka Malawi Mouse Boys atawamva Ian Brennan wa ku America, yemwenso anajambula akaidi a kundende ya Zomba, chimbale chawo n'kukalowa m'gulu la opikisana pa mphoto ya Grammy mu 2016. Kodi makutu athu ali ndi vuto lanji, kuti chinthu chikhale chokoma pokhapokha wina wochokera kutali atatiuza kuti n'chokoma?

Sikuti sitingathe. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, nyimbo zake ndi Chimvu River Jazz Band zinafalikira dziko lonse lino kudzera pa wailesi ya MBC, ndipo Mmalawi mnzathu Dr John Lwanda anazitulutsa kunja kudzera ku kampani yake ya Pamtondo. Madalitso Band, anyamata awiri a babatoni ndi gitala amene lero amayendayenda ku Ulaya, anayamba kuwamva ali mumsewu ku Lilongwe ndi Mmalawi, a Emmanuel Kamwenje. Ndipo tonse tinaona mu 2020 pamene Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale. Nyimbo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok, achinyamata a m'mayiko amene sadziwa n'komwe kumene kuli Malawi akuvina. Pamenepo kalumo kanali kathu komwe. Chinafunika n'chiyani? Munthu mmodzi wokhala ndi dzina kapena chipangizo, woti aime n'kumvetsera.

Ife a mawailesi tili ndi gawo lathu pa mlanduwu, ndipo ndilinena poyera. Woyimba akabwera ndi nyimbo yojambulidwa bwino pakompyuta, ya kamvekedwe kofanana ndi ka nyimbo za ku Nigeria kapena ku South Africa, timaiika msanga. Akabwera wa banjo timamuuza kuti adikire pulogalamu ya nyimbo zamakolo, imene imaulutsidwa kamodzi pamlungu anthu ambiri atagona. Tikatero tamuweruza kale kuti iye ndi wakale, pamene nyimbo waipeka dzulo. Kumbukiraninso kuti nyimbo ikaseweredwa pawailesi pamayenera kutsatira ndalama. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama zotere n'kumagawira eni nyimbo, ndipo lamulo la zokopera linakonzedwanso mu 2016. Koma woyimba amene sanalembetse, amene nyimbo yake sinajambulidwe n'komwe, sangalandire kanthu. Inu oyimba a m'misika ya Dedza amene mukundimva, nyimbo imene mwapeka ndi katundu wanu ngati munda. Ijambulitseni ngakhale pafoni, lembani tsiku, kalembetseni. Ndipo inu amene mumajambula oyimba amenewa n'kuika pa Facebook kapena pa TikTok, funsani dzina lawo n'kulilemba pamenepo. Kakanema kopanda dzina kamasangalatsa anthu zikwizikwi, mwini wake n'kugona ndi njala.

Ku Mali kuli bambo wina dzina lake Salif Keita, wobadwa mu 1949 m'mudzi wa Djoliba, wachialubino. Anakula akusalidwa, ndipo poti banja lawo ndi lachifumu, mwambo sunkamulola n'komwe kukhala woyimba. Anapita ku Bamako, anayimba m'mabala, analowa Rail Band, kenako Les Ambassadeurs, ndipo chimbale chake cha Soro cha mu 1987 chinamutchukitsa dziko lonse. Lero mukatchula Salif Keita, anthu amayamba kukumbukira mawu ake aja okwera ngati mphepo ya m'chipululu. Za khungu zimabwera pambuyo. Ndipo chifukwa choti anthu anayamba agwa m'chikondi ndi mawuwo, pamene iye anaimirira kulankhulira anthu achialubino, maboma anatchera khutu. Ndi zimene ndimawafunira a Chigwandali. Nyimbo zikakhala patsogolo, uthenga umayenda mtunda wautali.

Zinthu zasuntha ndithu, tisakane. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino 134,636, pamene kale tinkangoyerekeza kuti alipo 10,000 kapena kuchepera. Chiwerengero chimenecho chikutanthauza kuti palibe dera limene lingati nkhaniyi siilikhudza. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za milandu yotere. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe, amene anatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM, kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'mbiri ya dziko lino. Pa 13 Juni chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chialubino. Koma tsiku limodzi pachaka silitchinga dzuwa la masiku ena onsewo. Amfumu, a komiti ya sukulu, aphunzitsi, mwana wachialubino akhale kutsogolo m'kalasi, mumulole avale chipewa ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu ikunena zina, ndipo mulembe zilembo zikuluzikulu pabolodi. Makolo, pitani kuchipatala mukafunse za mafuta odziteteza ku dzuwa, ndipo akakuuzani kuti atha, mubwererenso, musatope. Kachilonda kakakana kupola milungu ingapo, musadikire kuti mukolole kaye. Ntchito za kumunda mupatseni za mmamawa ndi zamadzulo. Ndipo akatola chigubu n'kuyamba kuchiboola ndi msomali, musamulande.

Loweruka likubwerali ambiri a inu mukhala pamsika, ena pa Dedza boma, ena pa Lizulu, ena pa Chimbiya. Pakona ina padzakhala wina atakhala pa ng'oma yake, chidendene chikugunda, banjo ili pachifuwa, kambale kali patsogolo. Ndikukupemphani chinthu chimodzi chokha: tulani kaye dengu, mumve nyimbo imodzi yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mumufunse dzina lake ndi mudzi umene amachokera.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndipo yotsalayo ndikufuna ndiipereke kwa mwini nkhani. Nyimbo imene ikubwerayi ndi ya m'chimbale chija cha mu 2019, mutu wake Ndife Alendo. Amene muli ndi ana pafupi aitaneni, muwauze kuti amene akuyimbayu kwawo ndi kuno ku Dedza. Kwezani wailesi pang'ono, ndipo mutchere khutu ku dzanja lamanja lija. Nawa a Lazarus Chigwandali.